Mpweya wa Woimba

Panali munthu wina wojambula nyimbo, m'masiku aja nyimbo zinkasungidwa pa tepi yaitali yokulungidwa pa mawilo awiri. Situdiyo yake inali m'nyumba yakale yosungiramo fodya, kumapeto kwa tauni. Makoma anawakuta ndi mabulangete ndi mathireyi a mazira kuti phokoso lakunja lisalowe. Ukalowamo masana, dziko linkakhala ngati latsalira kutali. Kuwala kunkalowera pa kabowo ka padenga, fumbi n'kumayandama m'menemo pang'onopang'ono, mawilo a tepi akungozungulira ngati alibe kopita.

Munthuyu anali katswiri, pamenepo tisamunamizire. Khutu lake linkamva ngakhale ntchentche ikatera pa maikolofoni. Koma ukatswiri ukapyola muyezo umasanduka matenda.

Anali ndi mng'ono wake woimba, mtsogoleri wa gulu la anyamata a magitala amagetsi, aja olira ngati mvula ikutsika m'phiri. Mng'onoyo anali ndi chifuwa chosalimba kuyambira ali mwana. Magitala akakhala chete kudikira mawu ake, iye ankayamba wakoka mpweya wautali, ndipo mkati mwa mpweyawo munkamveka kalikhweru kakang'ono. Akaphonya nsambo ankaseka. Mpando umene ankakhalapo nawo unkalira akagwedezeka.

Nthawi inakwana yoti ajambule chimbale chawo choyamba. Gulu lonse linaimbira m'chipinda chimodzi, wa ng'oma atamubisa kuseri kwa matiresi kuti asamize anzake. Anaimba mpaka nyimbo zonse zinalowa mu tepi. Tepiyo inali imodzi yokha, ina yofanana nayo panalibe. Kunalibenso malo ena pansi pano pamene mawu a mnyamatayo anasungidwa.

Anyamata atapita, mkulu uja anayamba ntchito yake. Ankazunguza mawilo ndi manja, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, mpaka atapeza pamene panali mpweya uja. Ankaikapo kachizindikiro, n'kudula ndi lezala, n'kulumikiza mbali ziwirizo mwaluso moti sungadziwe kuti panadulidwa. Anadula mpweya. Anadula kuseka. Anadula kulira kwa mpando. Tizidutswa tofiirira tinkagwera pansi ngati masamba a m'chilimwe, ndipo akaweruka ankatisesa n'kukatitentha pamodzi ndi zinyalala kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina mng'ono wake anamupeza ali mkati modula.

"Achimwene, siyaniko pang'ono," anatero. "Anthu adziweko kuti woimbayo ndi munthu."

"Iwe zako n'zoimba, zokonza undisiyire ine," anayankha mkuluyo osatembenuka n'komwe. "Anthu akufuna nyimbo, osati chifuwa chakocho."

Mng'onoyo anangoseka monga mwa chizolowezi chake, n'kutuluka.

Chimbale chinatuluka chosalala ngati galasi. Anthu anachiyamikira, mkulu uja n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Koma nyengo yozizira itafika, chifuwa chija chinamutenga mnyamatayo.

Maliro atatha, anthu atabalalika, mkazi wa malemuyo anafika ku situdiyo dzuwa lili paliwombo. Anakhala pa mpando wolira uja, manja ali pamiyendo.

"Alamu," anatero, "kunyumba kuli zii. Ndabwera kuti ndiwamveko bambo a ana aja."

Mkuluyo anakoleka tepi ija pa makina, mtima uli m'malo, chifukwa ankadziwa kuti ntchito yake inalibe banga. Magitala analira, mawu anakwera, nyimbo imodzi ikutsatira inzake popanda chopunthwitsa. Mayiyo anamvetsera mpaka tepi inatha.

Kenako anapukusa mutu.

"Nyimbo ndi zawodi, mawu ndi awo. Koma eni ake mulibemo. Amuna anga ankapuma, alamu. Ngakhale ali kuseri kwa chitseko ndinkawadziwa ndi kalikhweru kaja. Mpweya wawo munauika kuti?"

Mkuluyo anasowa pogwira. Anaganiza za phulusa la kuseri kwa nyumba, limene mphepo inali itaulutsa kalekale. Ndipo munthu wonyada uja anagwada pansi, n'kuyamba kukwawa m'fumbi, akupapasa m'makona, pansi pa matiresi, kuseri kwa masipika. Pansi penipeni pa makina, pamene tsache silinkafika, anapeza kachidutswa kamodzi. Kutalika kwake kunali kuchokera pachala mpaka pachigongono, basi.

Kanali kakafupi kwambiri moti sikakanatheka kukulungidwa pa wilo. Choncho anamata mbali zake ziwiri pamodzi kuti kakhale ngati mkombero, n'kukakoleka pa makina, uku atakagwirira ndi pensulo kuti kasagwe. Anayatsa.

M'chipinda muja munamveka munthu akukoka mpweya, kalikhweru kali mkati. Mkombero unazungulira, munthuyo anakokanso. Unazunguliranso, anakokanso. Zinali ngati waima pomwepo m'kuwala kuja, pakati pa fumbi loyandama, watsala pang'ono kuyamba nyimbo, kapena kunena kanthu kamene anaiwala kunena.

Mayiyo anatsinzina.

"Ndi omwewa," ananong'ona. "Musazimitse, alamu."

Mkuluyo sanazimitse. Anaima atagwira pensulo ija mpaka mkono unachita dzanzi, misozi ikutsikira m'ndevu, akudikira kuti mwina ulendo uno mng'ono wake aimba. Koma pa kachidutswako panalibe nyimbo. Nyimbo anali atazisunga zonse, zoyera bwino, pa tepi yaikulu ija.

Inu amene mukundimva, musamuseke munthuyu, chifukwa lezala lomwelo lili m'thumba mwanu. Kwanu kuli wina amene mumamudula tsiku ndi tsiku: kasekedwe kake kaphokoso, kuchedwa kwake pokonzeka, nkhani yake imodzimodzi ija imene amaibwereza alendo akabwera. Mumati mukumukonza. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo zimandiwawa ponena kuti ambiri timamva mawuwa madzi atatha kale. Tsiku limene adzachoke, zabwino zake anthu adzazinena okha pamaliro. Inu mudzakhala mutagwada m'fumbi, kufunafuna zimene munadula zija. Lero akadali kupuma pafupi nanu, ikani lezala pansi, mumumvetsere.