Msewu wa Mkamwini

Panali munthu wina woyeza misewu, amene anakwatira kumudzi wa m'mbali mwa phiri. Pachikamwini paja ankamuona ngati wodutsa. Pa nkhani za banja sankamufunsa, pamaliro ankangomutuma kuwaza nkhuni. Zinkamuwawa kwambiri.

Kenaka akuntchito kwake anamutuma kuti ayeze podzera msewu watsopano m'dera lomwelo. Njira zinalipo ziwiri. Ina inkalambalala kuchigwa, panthaka yolimba, kutali ndi mudzi. Inayo inkadula m'tsinde mwa phiri, kumunsi kwenikweni kwa nyumba za akuchikazi.

Mlongo wa mkazi wake atamva, anabwera kudzamunyengerera. "Alamu, msewuwu musautaye kutali. Paja ndinu wathu inu."

Mawu amenewo anali asanawamvepo chikwatirire.

Anakwera phiri kukayendera. Anapeza mitengo itapendekera kumunsi, madzi akutumphuka pansi pakati pa chilimwe. Kumtunda kwa mudzi kunali mng'alu wautali wolowa mkono, chipsera cha chivomerezi chakale. Tisamunamizire umbuli munthuyu, ntchito ankaidziwa. Ankadziwa kuti phiri lotere ukalisema kutsinde, limangodikira woligwedeza. Anaima, nayang'ana madenga a mudzi uja. Kenaka anatsika, nakakhoma zikhomo zake m'tsinde momwemo.

Msewu unamangidwa. Anamuphera mbuzi, ndipo pabwalo anayamba kumupatsa mpando.

Dzinja lina, nthaka itakhuta mvula, kunabwera chivomerezi chaching'ono, choti kwina chinangoliza mbale. Koma phiri lija linatsetsereka. Anthu anapulumuka poti anali kuminda. Nyumba, nkhokwe ndi manda a makolo, zonse zinakokoloka ndi kukakwirira msewu womwewo.

Apongozi ake aakazi, amene mwamwambo ankamupatukira panjira, tsiku limenelo anabwera pamaso pake.

"Bambo, pamanda paja panagona amuna anga. Pamene munkakwera phiri muja, simunaone kanthu?"

Akanakhala kuti sanaone, akanamukhululukira, poti ngozi ilibe mwini. Koma iye anangoti zyoli, ndipo onse anamva. Palibe anamuthamangitsa. Ananyamula yekha kachikwama kake.

Inu amene mawa mudzagwira zikhomo, imvani. Nthaka simva chibale, ndipo chivomerezi sichifunsa kuti munkafuna kusangalatsa ndani. Mukaona mng'alu, nenani, ngakhale amene akukupemphani kuti mukhale chete ali omwewo amene mwakhala mukulira kuti akutchuleni wawo.