Nkhandwe ndi Kabawi Kuseri kwa a Chilangwe

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu. Uwu akuti unabadwira kuseri kwa nyumba ya a Chilangwe, kumene kunali nthochi, khola la nkhuku, ndi tchire loyambira pampanda pomwe.

A Chilangwe anali munthu waphuma. Nkhuku zawo zitayamba kusowa, ankati akangomva zikulira, ankathamangira komweko ndi chibonga, uku akukuwa. Ankangopeza nthenga ndi mapazi onga a galu.

"Ndi galu wa alamu anga a Msosa ameneyu," anatero tsiku lina. "Mawa ndimuikira nyama yapoizoni."

"Munamuona ndi maso, bambo?" anafunsa akazi awo, Nachisale. "Galu ameneyu ndi wa achimwene anga. Mukamupha, mwapha chibale."

M'mawa mwake, popita kukatchera nyamayo, a Chilangwe anaponda chisonga, phazi n'kutupa. Nachisale anabisa nyama ija m'chitini, anawayalira mphasa pansi pa nthochi, n'kupita kumunda.

Posowa chochita, a Chilangwe anayamba kuyang'ana nkhono imene inkakwera tsinde la nthochi. Ataikhudza, inabwerera m'chigoba. Anaileka. Patapita nthawi inatulutsa tinyanga, ndipo kunsonga kwake anaona timaso takuda, timene anali asanationepo chibadwire.

Ali duu choncho, tchire linawaiwala. Kabawi amene anabisala mumtengo wa mthethe anatsika mwaliwiro n'kunyamula mwanapiye. Dzuwa litapendeka, udzu wa pampanda unagwedezeka, ndipo panatulukira nkhandwe, ikukwawa chamimba kulunjika thadzi. Isanafike, galu wa a Msosa anadumpha mpanda n'kuipirikitsa mpaka kutchire. Kenako anabwerera, n'kugona pafupi ndi khola, ali wefuwefu.

"Nyama ija mukaikwirire, dzenje likhale lakuya," a Chilangwe anauza akazi awo atabwera kumunda. "Mbala ndaziona, zilipo ziwiri: ina ya m'mwamba, ina yapansi. Galu uja ndi mlonda."

"Zatheka bwanji lero, masiku onsewa osaziona?"

"Lero sindinathamange. Ndaona ndi maso a nkhono omwe."

Nachisale anakaisimba nkhaniyi kuchitsime, ndipo kuyambira pamenepo anthu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tanthauzo lake n'lakuti choona sichionekera munthu wobwera ndi phokoso komanso mlandu woweruza kale. Chimatulukira amene wakhala pansi n'kudikira. Waphuma amapha mlonda, mbala n'kumadyabe.