Galu wa Zuze ndi Madzi a Nimu

Kalekale, kumunsi kuchigwa kumene dzuwa limawotcha mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa, kunali munthu wina dzina lake Zuze. Muli nane? Khalani bwino, iyi si nthano yoseketsa.

Zuze anali mkamwini, ankakhala kwawo kwa mkazi wake Nankhoma. Pobwera pamudzipo anadza ndi zinthu zitatu: khasu, mphasa ndi galu wofiira dzina lake Tilekeni. Khasu linatha, mphasa inang'ambika, galu anatsala. Galuyu ndiye ankapirikitsa anyani m'munda wa mapira. Tsiku lina nguluwe itamugwetsa Zuze, ndi Tilekeni amene anailuma mwendo mpaka mbuye wake anadzuka n'kuthawa.

Chaka china galu uja anagwidwa ndi mphere. Ankadzikanda m'mawa, ankadzikanda masana, ankadzikanda madzulo. Ubweya unathothoka, khungu linachita nkhanambo, ndipo fungo lake ntchentche zokha ndizo zinkalikonda.

Alamu ake a Zuze, azichimwene a Nankhoma, ankakhalira bawo pansi pa mtengo wa bwemba. Zuze akamadutsa, galu ali pambuyo, ankayamba:

"Alamu, chikukutsatacho n'chiyani? Galu kapena nsanza?"

Onse kuseka. Zuze ankasekako ndi mano okha, koma m'mtima manyazi ankamudya.

Nankhoma anati, "Bambo, galuyu achira. Kwa azakhali anga kutsidya kwa dambo kuli mtengo wa nimu. Ndikathyola masamba."

Anapitadi, ulendo wa theka la tsiku. Anasinja masambawo pamwala, anawawiritsa m'mbiya yakale, nadikira kuti madzi azizire. Kenaka anamusambitsa galu ndi kansanza, kuyambira kumakutu mpaka kumchira, akusamala maso. Chiguduli chimene galuyo ankagonapo anachitentha.

"Tandigwirirani miyendo, ndimusambitse kumimba," anatero.

"Ine? Kugwira chimenecho? Ayi, mayi, manja angawa ndimadyera."

Nankhoma anamugwira yekha. Anamusambitsa koyamba. Patapita masiku atatu anamusambitsa kachiwiri. Patapita ena atatu anamusambitsanso. Ndiye nkhanambo zija zinayamba kugwa. Zinagwa kumsana, zinagwa m'khosi, zinagwa m'nthiti, galu n'kutsala khungu lokhalokha, lotuwa mbuu. Kumuonera patali, ankaoneka woipa kuposa kale. Ndipo Zuze ankamuonera patali nthawi zonse.

Masamba atatha, Nankhoma analawirira kukathyola ena. "Mum'patse madzi, akhale pamthunzi," anatero potuluka.

Mmawa womwewo Zuze anadutsa pabawo paja.

"Alamu," anatero wamkulu wa alamu aja, "mlongo wathu munam'kwatira kuti azisambitsa mtembo? Mankhwala awo amusenda galu ngati mbatata. Mwamuna mnzathu akadaona chochita."

Apa palibe anaseka. Anangomuyang'ana. Ndipo zimenezo zinamuwawa Zuze kuposa kuseka kuja.

Tsono pamudzipo ankati munthu sapha galu wake ndi manja ake, amaitana tsoka. Galu akakanika, ankakamumangirira kutchire kuti tchire liweruze lokha. Anthu inu, kuchenjera kwake kumeneko! Kupha n'kupha basi, koma iwo ankafuna kubwerako manja ali oyera.

Zuze anatenga chingwe. "Tilekeni, tiye!"

Galu anadzuka akugwedeza mchira. Ankayesa kuti akupita kumunda, pakuti padapita masiku ambiri mbuye wake osamuitana dzina. Anadutsa munda wa mapira, anadutsa chulu, anafika pamalo pamene anthu anatentha tchire. Panalibe mthunzi, panali zitsa zakuda zokhazokha. Zuze anamangirira chingwe pachitsa, ndipo pomanga m'khosi anayang'ana kumbali kuti asakhudze khungu lija.

Atayamba kubwerera, galu analira. Zuze sanacheuke. Analiranso. Zuze anafulumira. Kachitatu kulirako kunamveka patali, ndipo iye anayamba kuimba mluzu kuti asamve.

Nankhoma anafika dzuwa litapendeka, mtolo wa nimu uli pamutu, mapazi ali fumbi lokhalokha.

"Galu ali kuti?"

"Ndakam'siya kutchire. Mankhwala anu am'pweteka. Mudzi wonse ukutiseka."

Nankhoma anatula mtolo pang'onopang'ono. "Munam'tembenuza?"

"Kum'tembenuza bwanji?"

"Munayang'ana kumimba? Bambo, ndikufunsa, munayang'ana kumimba?"

Zuze anapukusa mutu.

"Wakhala masiku awiri osadzikanda. Simunaone? Nkhanambo zikamagwa ndiye kuti khungu latsopano labwera pansi. Kumimba ubweya wayamba kumera. Ndinauona dzana, ndinauona dzulo, ndinkati lero ndikuonetseni. Mayo ine, galu wachira uja!"

Zuze anatenga chipanda cha madzi n'kuliyatsa liwiro. Anadutsa pabawo, alamu ake akufunsa kuti kwagwanji. Anadutsa munda, anadutsa chulu, madzi akutayikira pachifuwa. Ankathamanga akuitana, "Tilekeni! Tilekeni!" Tchire linali zii.

Anam'peza atagona chammbali, chingwe chitakokeka mpaka pothera, mutu utaloza njira yakumudzi. Mozungulira chitsa dothi linali lofukulidwa, pamene galuyo ankakumba kufuna pozizira. Lilime linali kunja, louma gwa.

Zuze anagwada. Anathira madzi m'kamwa, madzi anangotsikira pansi. Pamenepo, kwa nthawi yoyamba chiyambire matenda aja, anam'gwira galu wake ndi manja onse awiri nam'tembenuza. Kumimba konse kunali ubweya watsopano, wofiira, wofewa ngati wa kagalu kongobadwa kumene. Unkanunkhira nimu.

Analira munthu wamkulu, analira mokweza ngati wafedwa mbale. Anam'nyamula pachifuwa, khungu lomwe ankanyansidwa nalo lija litagunda lake, nayenda naye mpaka kumudzi. Podutsa pabawo, alamu aja anaweramitsa mitu pansi.

Nankhoma sanam'kalipire. Anawiritsa masamba amene anabwera nawo, madzi atazizira anamupatsa Zuze kansanza kaja.

"Musambitseni inuyo," anatero. "Kumimba ndikugwirirani miyendo."

Anam'kwirira kuseri kwa nyumba. Chaka chimenecho anyani anadya mapira onse, Zuze akuwaona, ndipo mawu owakuwira analibe.

Mwamva, inu mukumvetseranu? Wodwala, kaya ndi munthu kaya ndi chiweto, sitimuweruza titaima patali. Ngati ukunyansidwa kumugwira, tseka pakamwa, usiyire amene akumusambitsa ndiye anene. Ndipo kuseka kwa anthu apabawo kumatha dzuwa likalowa, koma chimene wachita chifukwa cha kusekako umakalamba nacho.

Nthano yanga ndaikwirira pamenepa. Mbatata zanu kaphuleni nokha, ine njala yandithera.