Tsiku Limene Hopewell Anatola Amereka M'chitini

Mwana akamakula muzimuyang'ana pakamwa, inu makolo anzanga, chifukwa miyendo imangotsata kumene pakamwa paloza. Pakhomo pa mayi Estele ku Chonde panali mnyamata wa Folomu yachitatu, dzina lake Hopewell. Mwana wabwino ndithu. Mbuzi ankamangirira yekha, madzi ankatunga osatumidwa, ndipo mayi ake akamachokera kothyola tiyi msana utauma, ankapeza moto uli kale ngwee. Koma pakamwa! Pakamwa pake panali ngati chigayo cha dizilo, chikalira palibe womva mnzake.

Tsiku lina anafika kuchokera kusukulu akuyenda ngati tambala wogula kumene.

"Amayi, kuyambira lero muzinditchula kuti Amereka."

"Wati chiyani? Akumwetsa chiyani kusukuluko?"

Nkhani yake inali yotere. Aphunzitsi awo, mayi Namakhwa, anayambitsa zoti ana azikhala pansi ngati nthumwi za mayiko, monga amachitira akuluakulu ku bungwe lija la mayiko onse. Ankalemba mayina a mayiko pa timapepala n'kuponya m'chitini cha mkaka, ndipo kapepala kamene watola ndiko dziko lako. Pamsonkhanopo sunena kuti "ine," umati "dziko langa." Sulalata, sudula mnzako mawu. Mfundo iliyonse imadutsa pokweza manja, ndipo dziko lalikulu lili ndi dzanja limodzi, kadziko kakang'ono nakonso dzanja limodzi. Wochita bwino koposa, aphunzitsi anati adzapita naye ku Blantyre kukakumana ndi ana a sukulu zina.

Kunena zoona, ife amene sitinaponde m'kalasi zotere zimatidula mtima. Ndale si chidole. Tinakula tikuona anthu akupita osabwerako chifukwa cha lilime. Mayi Estele nawo sanachedwe kuchenjeza.

"Iwe, za mabomazi zisadzatiitanire apolisi pakhomo pano."

"Amayi, ndi sukulu chabe. Muzingokonzekera kundiperekeza pa siteji."

Blantyre anali atamulowa m'mafupa. Chibadwire anali asanafikeko, chonsecho maminibasi ankamudutsa pamphuno tsiku ndi tsiku akukuwa za ku Limbe. Anapita kwa amalume ake a Isake kukabwereka jekete lawo la paukwati, limene manja ake ankapitirira zala za mnyamatayo. Ankalipinda, n'kumayeserera kuyankhula Chizungu kuseri kwa khola, mbuzi zili tcheru.

Msonkhano woyamba unali wokambirana za namondwe ndi madzi osefukira. Rehema, mtsikana wachisilamu wa ku Nkando, wofatsa ngati madzi a mumtsuko, anatola Mozambique. Fanuel, mnyamata wachibwibwi amene ankakhala kumbuyo kwa kalasi, anatola tizilumba ta Komoro, toti pa mapu umachita kufinya maso kuti utione. Tsono lamulo lina linali lakuti pakati pa msonkhano amapumira, ndipo nthawi imeneyo nthumwi zimayenderana kukapempha manja. Fanuel anayenda desiki ndi desiki, akufunsa mwa chibwibwi chakecho kuti, "Dzi-dziko lanu likudandaula chiyani?" Hopewell anangokhala, mwendo pamwamba pa unzake, kudikira kuti amupeze. Amene anamupeza anabwerako makutu akutentha. Ena Hopewell anawauza kuti mayiko awo n'osadziwika, ena anawafunsa ngati kwawoko kuli magetsi.

Pomaliza anabwera Rehema, akukonza mpango wake kumutu.

"Amereka, dziko langa lili m'madzi. Ndikupempha kuti mayiko agwirizane zothandizana namondwe akagwa. Undikwezera dzanja?"

"Choyamba uziti bwana," anatero Hopewell. "Chachiwiri, kodi mvulayo ndinagwetsa ndine? Aliyense afolere denga lake."

Anyamata ena anaseka. Rehema anangobwerera pamalo pake. Atayambiranso, Hopewell anaimirira n'kuyankhula mpaka ana a makalasi ena anaunjikana m'mawindo. Anamuombera m'manja, eetu, poti pakamwa anali napo. Mfundo ya Rehema inagwa. Mayi Namakhwa sanadzudzule munthu. Anangoti nkhaniyo sinathe, adzaikambanso pamaso pa makolo, ndipo tsiku limenelo ndilo lidzaonetse wopita ku Blantyre. Kenaka anatolera timapepala tonse n'kutibwezera m'chitini. Mwana wamaso akanaona pamenepo. Koma wokhuta sayang'ana m'nkhokwe.

Nkhani siigona panjira. Mayi Estele anakaimva kumsika wa ku Nkando, kwa mayi ake a Rehema, amene amagulitsa nandolo pafupi ndi pokwerera.

"Hopewell, mwana wa eni wamuchititsa manyazi pagulu. Anthu aja abale awo enieni ali kutsidya kwa malire, madzi anawavuta zenizeni. Pita ukapepese."

"Amayi, amenewo ndi masewera."

"Masewera ndiwo amabala ndewu. Pita."

"Amereka sapepesa," anatero mwanayo, akupukuta jekete.

Patangotsala masiku ochepa kuti msonkhano wachiwiri uchitike, chitini chija chinatulukanso.

"Madamu, ine dziko ndili nalo kale."

"Dziko si munda wa agogo ako, Hopewell. Tola."

Anapisa dzanja, natola, natambasula kapepala. Malawi. Amereka anagwera Marjory, mmodzi mwa aja Hopewell anawafunsa za magetsi.

Masiku amenewo mbuzi zinapuma, chifukwa kuseri kwa khola kunali zii. Nkhani ija tsopano inali itafika pakhomo. Paja namondwe wa Freddy atagwa, napolo anatsika m'phiri ndi miyala yaikulu ngati nyumba, n'kukokolola munda ndi nyumba ya agogo ake. Hopewell yemweyo ndiye anapita ndi amalume ake kukafukula mapoto m'matope. Zoti akanene sanachite kufunafuna, zinali pamtima. Chimene chinamukanika ndi kupita kwa anzake aja. Akati adzuke, manyazi ankamukoka malaya. "Ndikayankhula bwino akweza okha," ankadzitonthoza motero. Samalani ndi mwana akayamba kudzitonthoza yekha.

Tsikulo kunali nkhungu ya chiperoni, phiri osaoneka. Makolo anakhala kumbuyo pa mabenchi, atafunda zitenje, ambiri osamva Chizungu koma maso ali pa ana awo. Hopewell anaimirira. Sanakuwe ngati kale. Ananena za mkokomo umene anthu anayamba kuumva asanaone madzi, za agogo okalamba kugona m'kalasi pamodzi ndi makanda, za munda umene lero ndi miyala yokhayokha. Anapukuta maso ndi dzanja la jekete lija. Ngakhale osamva Chizungu anamva. Anamaliza ndi kupempha kuti mayiko athandize Malawi.

Nthawi yoyenderana itakwana, mwendo sunakwerenso pa unzake. Anapita yekha kwa Marjory.

"Amereka, wamva mmene zilili kwathu. Dzanja lako..."

"Choyamba uziti bwana," anatero Marjory, akuyang'ana zikhadabo zake. "Chachiwiri, paja anati chiyani, anzanga?"

"Aliyense afolere denga lake!" anayankha ana angapo pamodzi ngati kwaya.

Hopewell anaima ngati chitsa. Anazungulira madesiki ena, koma kulikonse anapeza Fanuel atadutsa kale. Ulendo uno Fanuel anali atatola Zambia, ndipo mfundo yake sanaipange yekha. Wodandaula za chilala anamuikamo, wa madzi osefukira anamuikamo, ngakhale Malawi yemweyo analimo, poti ankakumbukira zonse zimene anzake anamuuza tsiku loyamba lija.

Pokweza manja, mfundo ya Hopewell inapeza dzanja lake lomwe, ndi lina limodzi chakumapeto, la mtsikana wa mpango kumutu. Ya Fanuel manja anachita kuti bii ngati mapesi m'munda. Hopewell anayang'ana pansi kanthawi, kenaka naye anakweza.

"Kuyankhula, palibe woposa Hopewell pasukulu pano," anatero mayi Namakhwa. "Koma kumene tikupitako akaona amene anzake akufuna kuyenda naye. Fanuel, ukauze kwanu akuchapire yunifolomu."

Panja, Hopewell anamupeza Rehema ataima pafupi ndi njinga ya kabaza.

"Iwe, wakwezeranji? Ine ndinakunyoza."

"Ndakwezera agogo ako, osati iwe," anatero Rehema. "Madzi aja ndi amodzi, anayamba kwathu n'kudzafika kwanu."

"Pepa, Rehema."

"Aa! Kodi Amereka amapepesa?"

"Amereka ayi. Malawi amapepesa."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. Mayi Estele anali pambali akumva zonse. Mwana akagwa yekha sumumenyanso. Anangomugulira Hopewell chinangwa chootcha, n'kuyenda naye mpaka kunyumba.

M'mawa wa ulendo, Fanuel anali pa siteji ndi aphunzitsi, akunjenjemera ndi chisanu m'kamalaya kake kopyapyala. Anangoona Hopewell akubwera chothamanga, jekete lili m'manja.

"Ndakupemphera kwa amalume. Vala, aise. Koma usakadonthezere msuzi, angandiphe."

"Ma-manja atalika."

"Pinda. Ine ndinkapinda."

Minibasi inanyamuka, Hopewell anatsala akukweza dzanja mpaka inakhota. Ku Blantyre sanapite chaka chimenecho, ndipo zinamuwawa, tisanamizane. Koma masiku ano akamakangana ana pa mjigo, amayamba wafunsa kuti, "Iwe ukudandaula chiyani?" ndipo amadikira yankho.

Mantha athu sanathe, poti ana ndi ndale sitidzasiya kuwaopera. Komabe ngati kusukuluko akuphunzira kuti chitini chimazungulira, kuti wokhala pamwamba lero mawa atola kapepala ka wopempha, alekeni apite, mungowauza abwere dzuwa lisanalowe. Makolo athu analibe chitini kapena mapu, koma anaziona kalekale, ndipo anatisiyira mawu amene Hopewell anawagula ndi ulendo wake: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.