Mufunse Ana Anga

Mayi ena anali telala wa manja odala, wosoka diresi la ukwati atangomuyeza mkwatibwi ndi maso. Koma tsiku lina mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa basi, adawapeza m'shopu ali duu ndi sizasi m'manja, akuyang'ana malaya amene adawasokerera manja onse awiri mbali imodzi. Adokotala anali atawauza kale kuti ndi matenda oiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo.

"Khala pansi, mwananga," adatero mayiwo. "Mutu ukadali wanga. Ndikuuziretu kumene ndikufuna kukhala zikadzavuta, ndi amene azidzandisamala. Umuitanenso mlongo wako."

"Iyayi amayi, musadziitanire malodza. Wamoyo sakonza maliro ake. Tidzakamba ndikadzapuma."

Iye ankati ndi chikondi, koma kunena mosapsatira anali mantha. Mayi akaiyambanso nkhaniyo, iye ankaseka, n'kuwafunsa za ulusi ndi mabatani, n'kuthamangira ku basi yake. Mlongo wake sadamuuze n'komwe.

Matenda sadikira tchuthi cha munthu. Mayi adayamba kusiya simbi ikupsereza nsalu, kenako kusochera mumsewu wa kunyumba kwawo komwe. Shopu idatsekedwa. Apa m'pamene ana awiriwo adayamba kukokanakokana. Mlongoyo ankati mayi apite kwa iye. Dalaivala ankati ayi, akhale m'nyumba mwawo ndi wowasamala. Posagwirizana, ankangowasamutsa uku ndi uku ngati katundu, ndipo kulikonse kumene afika ankaima pakhomo n'kumalira kuti akufuna kwawo, osatha kunena kuti kwawoko n'kuti.

Mtima utamuwawa, dalaivala adakagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, ndakhala pansi tsopano. Mukufuna kukhala kuti? Mukufuna azikusamalani ndani? Nenani, ndichita."

Mayi adamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumwetulira mwaulemu monga ankachitira ndi kasitomala wachilendo. Adachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Pepani bambo, nkhani zotere sindikamba ndi alendo. Mufunse ana anga. Iwo akudziwa."

Mlongo wake, amene anali pomwepo, adatembenuka n'kumuyang'ana. Dalaivala adangoti zyoli, misozi ili chuchuchu, chifukwa yankho lidamudzera lokha pamene linalipo, iye n'kulibweza pakhomo. Akuluakulu sadaname: zengerezu adalinda kwawukwawu.