Manda Pakati pa Bulugamu

A Mkwezalamba, mwini esiteti ya bulugamu, analetsa antchito kupita kumaliro m'nyengo yocheka matabwa. Tsono bambo ake a Dafuleni atamwalira mukomboni, bwanayo anakana kuti Dafuleniyo, mmodzi wa ochekawo, aperekeze mtembo kumudzi.

"Palibe kanthu, bwana," anatero Dafuleni modzichepetsa.

M'mawa mwake bwana anapeza adzukulu akukumba pakati pa mitengo yokhwima.

"Mukuchita chiyani apa?"

"Tikuika madala pompano, bwana, kuti ntchito isaime," anayankha Dafuleni. "Kungoti mitengo ya kumanda sadula. Matabwa ake angakhomere denga ndani?"

A Mkwezalamba anayang'ana dzenje, nayang'ananso mitengo yawo. Lole ya esiteti anatulutsa okha, nayendetsa okha kuperekeza mtembo mpaka kumudzi.

Koma "pepani" sananenebe mpaka lero.