Nkhuku za M'dengu la Nasibeko

Nasibeko ankapita ku Balaka ndi kansato kake koweta, atakatsekera m'dengu lomanga bwino ndi chingwe. Pa siteji, kondakitala Gwaza, amene ankalamula ngati minibasiyo anachita kuibereka yekha, anatchinga pakhomo.

"Madengu onse kumbuyo, pansi pa matumba a chimanga!"

Nasibeko anadziwa kuti kumeneko njoka yake iphwanyika, kapena ifa ndi kutentha. Anamunong'oneza:

"Achimwene, muli nkhuku zootcha za ku ukwati. Sindinaziwerenge n'komwe."

"Bwanji osanena kale, mayi? Bweretsani ndikusungireni!"

Gwaza analikhazika dengulo pamiyendo, kulitchinjiriza ku dzuwa ndi jekete, uku akukalipira aliyense woligunda. Njira yonse zala zake zinkalimbana ndi mfundo. Akulowa m'Balaka, mfundo ija inamasuka. Anapisa dzanja mwakachetechete, maso ali pawindo ngati munthu woganizira mavuto a dziko.

Nkhuku ija inadzikulunga pamkono pake.

Gwaza anauma gwa! Kukuwa ankafuna, koma akanati dzanja limatani m'dengu la eni?

"Musaope achimwene," anatero Nasibeko mokweza, anthu onse n'kucheuka. "Imeneyo imaluma akuba okha."